Andithyolera pulogalamu: kodi kuiyeza kudzera pa seva kungathandize?

Wa Mapulogalamu ku Area 25:
Akuluakulu, moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru za gulu. Ndinalemba pulogalamu ya pa Windows yowerengera katundu m'mashopu: zogula, zogulitsa, ngongole ndi malisiti. Laisensi yake ndi ya pachaka. Tsopano munthu wina wandiimbira kudandaula kuti malipoti akusokonekera, koma m'buku mwanga dzina lake mulibe. Nditamufunsitsa, akuti anaigula pa flash kwa mnyamata wina woika ma Windows. Ndakaiona ndi maso anga, ndi yangadi, kungoti pofunsa kiyi ya laisensi paja anachotsapo, imangotseguka. Ndiye ndikuganiza zoti pulogalamuyo izidziyeza yokha n'kumafunsa seva yanga, kompyuta yokhala pa intaneti, ngati ili yeniyeni. Amene munachitapo zimenezi, zimagwira, kapena ndingotaya ndalama?

Mkonza Mafoni wa ku Limbe:
Kkkkk ndiye ogula zakuba ayamba kuimbira eni ake kuti awakonzere? Pepani achimwene, koma mwatchuka basi. Pulogalamu yopanda ntchito sathyola.

Achimwene a ku Joni:
Pepani nazo. Ndikufunseni kaye, kiyi ija mumaiyeza bwanji panopa?

Wa Mapulogalamu ku Area 25:
Munthu akalemba kiyi, pulogalamu imawerengera masamu ake, zikagwirizana imatsegula. Zonse zimachitikira pa kompyuta yake yomweyo.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye vuto lili pomwepo. Penapake mkati mwa pulogalamu yanu muli mzere wonena kuti "ngati kiyi ili bwino pita uku, ngati ayi pita uko". Wothyola safuna n'komwe kudziwa masamu anu. Amangosaka mzere umenewo n'kuutembenuza, nthawi zina posintha byte imodzi yokha. Ndipo ngati munalemba mu C# kapena Java osabisa chilichonse, khodi yanu imawerengeka pafupifupi ngati mmene munailembera, ndi maina omwe.

Tinene kuti mwalemba mlonda ntchito, koma mlondayo amagona kunyumba kwa wakuba, kudya komweko. Chilichonse chimene chikuyenda pa makina a munthu wina chili m'manja mwa munthuyo. N'chifukwa chake makampani anayamba kusamutsira chigamulo ku seva, kumene wothyola sangafikeko ndi manja.

Wa Mapulogalamu ku Area 25:
Eya, ndi zimene ndikuganizazo. Pulogalamu ikamatseguka iziwerengera hash ya fayilo yake, ndiye kuti chidindo cha zilembo ndi manambala chowerengedwa kuchokera ku zonse zili m'fayilomo, pa njira ya SHA-256, n'kutumiza ku seva. Munthu akasintha ngakhale kachidutswa kamodzi hash imasinthiratu yonse, seva izindikira n'kukana.

Mayi a Chitetezo:
Mwana wanga, imani kaye pamenepo. Akuwerengera hash ndani? Pulogalamu yomwe yathyoledwayo. Akutumiza ndani? Yomweyonso. Wothyola angokopera zilembo 64 za hash ya fayilo yoyambirira, n'kuuza pulogalamu kuti izitumiza zimenezo nthawi zonse. Seva yanu izingovomera mosangalala.

Mukhoza kumuvutitsako. Seva izitumiza nambala yatsopano nthawi iliyonse, n'kulamula kuti hash iwerengedwe pamodzi ndi nambalayo, pa chigawo cha fayilo chimene seva yasankha. Pamenepo yankho la dzulo siligwira lero. Koma wochenjera amasunga fayilo yoyambirira pambali, funso likabwera amayankhira pa iyo. Ndipo choopsa kwambiri si chimenecho. Seva ikati "ayi", amene akumva "ayi" ameneyo n'kutseka ndi pulogalamu yomwe ija. Mzere uja anena achimwene a ku Joni wangosamuka malo, sunachoke.

Seva imakhala ndi mphamvu pokhapokha ngati ikusunga chinthu chimene pulogalamu singagwire ntchito popanda icho. Ikakhala yongoyankha eya kapena ayi, ndi yozilambalala.

Wamagemu:
Apa mayi anena zoona, ife a magemu tinaziona kalekale. Ubisoft mu 2010 inatulutsa Assassin's Creed II ya pa PC yofuna intaneti nthawi zonse, ngakhale ukusewera wekha. Netiweki ikaduka gemu imaima. Mwezi wa Malichi chaka chomwecho ma seva awo anaukiridwa, anthu amene analipira ndalama zawo anakhala osasewera. Patangopita masabata ochepa gulu la othyola la SKIDROW linatulutsa crack, yothyoledwa yosafuna seva, ndiye a crack ankasewera mwamtendere kuposa ogula. Mu 2012 Ubisoft inalengeza kuti njira imeneyo yaisiya.

SimCity ya 2013 chimodzimodzi, sabata yoyamba anthu ankangoima pa mzere kudikira seva. Ankati singayende popanda seva, koma mu 2014 anatulutsa okha yosewera popanda intaneti kkk.

Imene inawakanika ma crackers ndi Diablo III ya pa PC. Ija zilombo, katundu amene ukutola, zonse zimagamulidwa pa seva ya Blizzard, pa kompyuta pako pamangokhala zithunzi ndi zina. Palibe mzere woti utembenuze, uyenera kumanga seva yonse wekha. Koma naponso tsiku loyamba mu Meyi 2012 dziko lonse linkangoona Error 37, uthenga woti seva yadzaza.

Aphunzitsi a ku Ntchisi:
Ine za khodi sindidziwa, ndili m'gulu muno chifukwa ndimayang'anira makompyuta a pasukulu, komanso mayi akunyumba ali ndi kashopu pa trading centre. Ndingopempha kuti pokonza zimenezi muzikumbukira ife. Kuno netiweki imabwera ndi kupita, magetsi akazima nthawi yaitali nayonso imafooka. Tsiku la msika anthu ali pa mzere, pulogalamu n'kunena kuti "sindikutha kulumikizana ndi seva", mayi aja abwerera ku kope ndi cholembera tsiku lomwelo, ndipo sadzakulipiraninso. Choipa china, mnzawo wa shopu yoyandikana amene ali ndi ya crack adzakhala akugulitsa bwinobwino.

Achimwene a ku Joni:
Aphunzitsi agunda penipeni. Ndipo si za kumudzi zokha. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inavuta ku Tanzania, Mozambique, Malawi ndi maiko ena kwa masiku angapo. Seva yanu ikakhala ku Ulaya kapena kuno ku Joni, tsiku ngati limenelo makasitomala anu onse atsekeredwa kunja nthawi imodzi, popanda wolakwa.

Mkonza Mafoni wa ku Limbe:
Koma ine ndikuuzeni kuti zoyeza pa sevazi zimagwira, ndimaziona pa benchi panga tsiku ndi tsiku. Amabwera anthu ndi GB WhatsApp, akuti "foni yafa". Foni ili bwinobwino, kungoti WhatsApp yawatseka chifukwa akugwiritsa ntchito yosinthidwa. Kale ankangokutseka maola ochepa, pano ena nambala imakanirira mpaka aike yeniyeni. Amadandaula za ma theme ndi zobisa blue tick, koma mapeto ake amabwerera okha.

Enanso ndi a ma app a banki. Foni ikangokhala ya root, ndiye kuti yotsegulidwa mphamvu zonse za system, kapena yoikidwa system ina, app imakana. Wina anagula foni ya kaunjika yotsegulidwa bootloader, kapulogalamu koyatsa system ya foni, iye osadziwa n'komwe kuti bootloader ndi chiyani, anakhala pa benchi panga mpaka madzulo akutukwana banki.

Mayi a Chitetezo:
Zimagwira pa zifukwa ziwiri, ndipo zonse ziwiri mnzathu wa ku Area 25 alibe.

WhatsApp popanda seva ndi chigoba chabe. Uthenga uliwonse umadutsa kwa iwo, ndiye akakukana wakanidwadi. Banki nayonso ndalama zili kwa iwo, osati m'foni.

Chinanso, pa Android pali mboni yachitatu, njira ya Google yoyezera app ndi foni. Kale inali SafetyNet, pano Google inaika Play Integrity m'malo mwake. App iliyonse ya Android imasainidwa, ndiye kuti imadindidwa ndi kiyi yachinsinsi ya mwini wake. Munthu akaisintha ayenera kuisainanso ndi kiyi ina, chifukwa ya mwini wake alibe. App ikapempha, Google imapereka token, ngati chiphaso, yonena zinthu monga izi: kodi app iyi ndi yomwe Play ikuidziwa, kodi foni iyi ndi ya Android yovomerezeka yosasokonezedwa, kodi munthuyu anaitenga ku Play. Mayankho ake ndi aja mumawaona a PLAY_RECOGNIZED, MEETS_DEVICE_INTEGRITY ndi ena. App singasinthe zimene zalembedwa mu token. Imangoinyamula kupita nayo ku seva ya banki, seva ndiyo imaitsegula n'kugamula. Pa mafoni atsopano umboniwo umachokera ku kiyi yosungidwa mu chip momwe, imene ngakhale wa root sangaikopere wamba. Apple nayo ili ndi App Attest kuyambira pa iOS 14.

Ndaonapo ana ena akuika Play Integrity koma yankho n'kumaliwerengera m'foni momwemo. Kumeneko n'kutaya nthawi, mwabwerera pa mzere womwe uja.

Pa Windows ya m'shopu, imene mwini wake ndi administrator ndipo mwina nayonso ndi ya crack, mboni yotereyi mulibe. TPM, chip yachitetezo yosunga makiyi, ilipo pa makina atsopano, Windows 11 imaifuna, koma makompyuta ambiri amene ali m'mashopu mwathu ndi a kaunjika akalekale.

Mkonza Mafoni wa ku Limbe:
Nanga ma Huawei aja opanda Play Store, mayi? Ndi ambiri m'tauni muno.

Mayi a Chitetezo:
Amene anatuluka America itaika Huawei pa chiletso mu 2019 alibe ma service a Google, ndiye Play Integrity siyenda pamenepo. Foni ndi yabwinobwino, mwini wake sanalakwe kanthu, koma app yodalira Google yokha imamuona ngati wokayikitsa. Huawei ili ndi njira yakeyake yoyezera, kungoti wolemba app ayenera kuiika padera, ndipo ambiri safuna ntchito iwiri.

Mnyamata wa Graphics:
Ine ndilankhule zimene ena akuopa. Tonse m'gulu muno tinaphunzira pa crack. Photoshop, CorelDRAW, Office, ndani anagula ali pasukulu? Adobe itasiya kugulitsa ya m'bokosi mu 2013 n'kuyamba ya pamwezi, mtengo uli m'madola, khadi ya kubanki yoti ilipire kunja ndi nkhani ina. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, iwo mtengo sanatsitse. Ndiye mukati tiike zoyeza pa seva paliponse, mukutseka chitseko chimene inuyo munalowera.

Wa Mapulogalamu ku Area 25:
Aise, ine si Adobe. Ndimachita lendi ngati iwe. Mtengo wanga uli m'makwacha, munthu amalipira pa foni, ndipo akavutika ndimakwera minibasi kukamukonzera. Amene akugulitsa yanga pa flash akudya thukuta la mnzake wa pa Lilongwe pompano.

Mnyamata wa Graphics:
Pamenepo ndavomera, za inu ndi zina. Ine ndimanena akuluakulu aja.

Mayi a Chitetezo:
Sindikuweruza munthu, koma crack si yaulere monga mukuganizira. Poiika amakuuza kuti uzimitse antivirus ndipo uipatse mphamvu za administrator. Wapereka makiyi onse kwa munthu amene sukumudziwa. Zambiri masiku ano zimabwera ndi kachilombo kokolola ma password osungidwa mu browser. Za ma WhatsApp osinthidwa zomwezi, mu 2021 a Kaspersky anapeza kachilombo ka Triada mu FMWhatsApp, chaka chotsatira anakapezanso mu YoWhatsApp. Ndiye kuyeza ngati pulogalamu sinasinthidwe kumatetezanso wogwiritsa ntchito, osati thumba la mwini wake lokha. Mwana wa ku Area 25, kodi fayilo ya pa flash ija munaiyerekeza ndi yanu? Mwina malipoti akusokonekera chifukwa wothyolayo anadula ndi zina zomwe. Mwinanso anaikamo zake.

Wa Mapulogalamu ku Area 25:
Ndinangoyang'ana pa kiyi pokha. Ndiifufuza usiku uno, pa makina osalumikiza ku netiweki.

Admin:
Chikumbutso: m'gulu muno sititumizirana ma link a crack kapena njira zothyolera. Ndachotsa uthenga umodzi. Malawi ili ndi Copyright Act ya 2016 ndipo mapulogalamu a kompyuta ndi otetezedwa mmenemo. Pitirizani.

Achimwene a ku Joni:
Ndiwonjezere mbali imene anthu amaiiwala. Mukamanga zonse pa siginecha ndi seva, malo amenewo ndi amene amasanduka chandamale. CCleaner, pulogalamu yoyeretsa kompyuta, mu 2017, version 5.33, inatuluka ndi kachilombo mkati, yosainidwa bwinobwino ndi kampani yeniyeni, chifukwa akuba analowa pamene pulogalamu imamangidwira. Anthu opitirira 2 miliyoni anaiika. Kampani ya mapulogalamu ya SolarWinds mu 2020 nkhani yomweyo, makasitomala pafupifupi 18,000 anatsitsa update yoipa yokhala ndi siginecha yolondola. Kuyeza kulikonse kukanati "ili bwino". Siginecha imangotsimikiza kuti chinthu chachokera kwa mwini kiyi, sinena kuti chinthucho n'chabwino.

Ndiye achimwene, ngati kiyi yanu yosainira ili pa laputopu yomwe mumatsitsira mafilimu, yambani kukonza pamenepo.

Wamagemu:
Komanso seva ikhoza kungofa pa zifukwa zopusa. Denuvo, ija ya ku Austria imene imateteza magemu ambiri kuyambira 2014, imayeza makina ako n'kukupatsa token kuchokera ku seva, ndipo imalola makina asanu okha pa maola 24. Mu Novembala 2021 domain ina, dzina la pa intaneti lopezera seva, imene imagwiritsidwa ntchito inatha nthawi osalipiridwa, magemu angapo anakana kutseguka kwa anthu oti anagula. Domain yokha basi.

Ndipo iwowo sanena kuti singathyoledwe. Resident Evil 7 inathyoledwa m'masiku asanu mu 2017. Chimene amagulitsa ndi nthawi, kuti masabata oyambirira pamene gemu ikugulidwa kwambiri crack ikhale isanatuluke.

Aphunzitsi a ku Ntchisi:
Funso langa lina ndi ili, ndipo musandimve molakwa achimwene, sindikukufunirani zoipa. Mukadzapeza ntchito kunja, kapena mukadzatopa nayo bizinesi imeneyi, seva idzalipiridwa ndi ndani? Ngongole za makasitomala a mayi zonse zili mu pulogalamu yanu.

Wamagemu:
Ndi nkhani ya The Crew imeneyo. Ubisoft inazimitsa ma seva kumapeto kwa Malichi 2024, gemu yoti anthu anagula inangosanduka chimbale chopanda ntchito. Mpamene Ross Scott anayambitsa kampeni yotsutsa kuzimitsa magemu ya Stop Killing Games, ndipo pempho lawo ku European Union linadutsa masiginecha 1 miliyoni mu 2025.

Mayi a Chitetezo:
Ngakhale ndale zimalowapo. Mu Okutobala 2019 Adobe inauza makasitomala ake a ku Venezuela kuti itseka ma account awo chifukwa cha lamulo la boma la America. Inadzabweza italandira chilolezo, koma anthu anaona kuti chida chawo chogwirira ntchito chikhoza kuzimitsidwa ndi munthu amene sanamuonepo. Microsoft nayo mu Ogasiti 2007 seva zake zoyeza Windows zitasokonekera zinayamba kunena makope enieni kuti ndi akuba. Akuluakulu amenewa amalakwitsa, ndiye inu ndi seva imodzi muyembekezere kuti tsiku lina idzanamizira kasitomala wanu wokhulupirika. Mukonzeretu kuti tsiku limenelo pulogalamu idzatani.

Wa Mapulogalamu ku Area 25:
Ndiye mukuti ndisiye?

Achimwene a ku Joni:
Ayi. Ndikanakhala ine ndikanatere. Pulogalamu isamafunse seva nthawi iliyonse ikatseguka. Seva izipereka chilolezo chosainidwa, mwachitsanzo ndi njira yosainira ya Ed25519, cholembedwa dzina la shopu, chizindikiro cha kompyuta imeneyo ndi tsiku lothera. Kiyi yosainira ikhale kwa inu, m'pulogalamu mukhale yoyezera yokha, ndiye palibe angapange makiyi abodza. Chilolezo chizikhala mwezi wathunthu, netiweki ikapezeka chizidzikonzanso chokha mwakachetechete. Si zachilendo, Adobe yomweyo imalola a laisensi ya pachaka kukhala masiku 99 opanda intaneti, ndipo KMS, njira ya Microsoft yotsimikizira laisensi m'makampani, ndi masiku 180.

Chenjerani ndi wotchi, anthu amabweza tsiku m'mbuyo. Pulogalamu yanu ili ndi mwayi, malisiti ali ndi madeti, ndiye ikaona kuti "lero" lili kumbuyo kwa lisiti lomaliza idziwa kuti pali chachitika. Koma isathamangire kutseka, makompyuta a kaunjika ambiri batire ya pa motherboard inafa, magetsi akazima wotchi imabwerera yokha zaka zambiri m'mbuyo. Ingomuuza munthu kuti akonze tsiku.

Zonsezi munthu waluso akhoza kuzidulabe, tisanamizane. Chimene sangadule ndi zimene zili pa seva panu. Ikani kumeneko zinthu zimene wa shopu angazilire: kusunga deta yake kuti kompyuta ikabedwa asataye ngongole, lipoti la tsiku lofika pa foni ya mwini shopu ali ku Mchinji, kulumikiza mashopu awiri. Wa crack akhale ndi yogulitsira yokha. Tsiku limene hard disk yake idzafe adzabwera yekha.

Mayi a Chitetezo:
Ndikugwirizana nazo, ndi zowonjezera ziwiri. Chilolezo chikatha musatseke deta ya munthu. Aziona ndi kutulutsa zake zonse, chongoletsedwa chikhale kulemba zatsopano. Ndipo chonde musayese zija ena amachita zoti pulogalamu ikazindikira crack izifufuta mafayilo kapena kusokoneza manambala mwadala. Tsiku limene idzalakwitse pa kasitomala weniweni mudzakhala ndi mlandu, ndipo Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 siyang'ana kuti munali ndi chifukwa.

Komanso mukayamba kusunga maina ndi manambala a anthu angongole pa seva, mwalowa m'dera la Data Protection Act ya 2024. Tengani zokhazo zimene mukuzifuna. Poyeza laisensi simufunika kudziwa mafayilo ena amene ali pa kompyuta ya munthu.

Mnyamata wa Graphics:
Ndipo seva mudzalipira m'madola, bwana. Mudzatimvetsa ife kkk.

Wa Mapulogalamu ku Area 25:
Kkk ndamva. Ya laisensi yokha siifuna makina aakulu, yodula ndi ya backup, ndiye imeneyo ikhala ndi mtengo wake. Funso lomaliza kwa achimwene a ku Joni: nanga kasitomala ngati wa Aphunzitsi, amene kompyuta ya m'shopu siinalumikizidweko ku intaneti chiigulireni? Ndimaganiza kuti akalipira pa foni ndizimutumizira khodi pa SMS, iye alembe pamanja.

Achimwene a ku Joni:
Siginecha ya Ed25519 ndi ma byte 64. Mukaisandutsa zilembo zosavuta kuwerenga zimapitirira 100, musanaikepo tsiku ndi dzina. Palibe mayi angalembe zimenezo osaphonya, mzere wa makasitomala uli pakhomo. Mukaifupikitsa kuti ikhale manambala khumi ndi awiri, ndiye kuti chinsinsi chowerengera chabwereranso m'pulogalamu, keygen, kapulogalamu kopanga makiyi abodza, ituluka. Tumizani ngati kafayilo pa WhatsApp, asamutse ndi chingwe kapena Bluetooth.

Aphunzitsi a ku Ntchisi:
Bluetooth pa desktop ija palibe. Chingwe chilipo, koma chimangotchaja.

Mkonza Mafoni wa ku Limbe:
Chimenecho ndi cha mawaya awiri, Aphunzitsi, deta sichidutsa. Mupeze chimene chinabwera ndi foni m'bokosi, kapena kamemori kadi ndi card reader. Ndipo flash iliyonse yolowa pa kompyuta imeneyo muziyamba mwaisikana, za ku ma stationery zija zimabwera ndi shortcut virus.